Kodi Wophunzira Ndiye Mfulu?

Pali ciphunzitso cimodzi cimene mwana wa m'dziko la Zambia amacimva kuyambira tsiku loyamba kugwira pensulo kufikira tsiku lotsazika sukulu. Makolo amacinena pa nsima, aphunzitsi amacibwereza pa mzere wa m'mawa, ndipo alendo olemekezeka obwera kudzagawa mphoto amacikometsera ndi mau a Cingerezi. Ciphunzitsoco ndi ici: phunzira kuti ukapeze nchito, gwira nchito kuti ukalandire ndarama, ndipo ukakhala nazo ndarama udzakhala mfulu, wosapempha kanthu kwa munthu ali yense. Onena mau amenewa sanama dala, pakuti iwonso anauzidwa comweco. Koma mau akafika pokhala pakamwa pa anthu onse, ndi pomwe ayenera kufunsidwa kolimba, popeza safunsa anadya phula. Mlandu umene uli pano ndi uwu: sukulu, nchito ya malipiro ndi ndarama, monga momwe zinakhazikidwira m'dziko lino, zalanda anthu ambiri cuma coposa cuma conse, ndico masiku a moyo wao, pamodzi ndi mphamvu ya kunena okha cimene adzacita nao masikuwo.

Poyamba n'kofunika kumvetsa tanthauzo la mau akuti mfulu, cifukwa ambiri amawanena osalingalira. Makolo akale anadziwa bwino kusiyana kwa mfulu ndi kapolo, popeza akapolo anali nao m'midzi mwao. Kapolo sanali munthu wogona ndi njala masiku onse ai. Anali kudya, anali kubvala, anali ndi pogona, ndipo kapolo wa mfumu nthawi zina anali wonenepa koposa mfulu wosauka. Kusiyana kwao kunali pa cinthu cimodzi: mawa la kapolo linali m'manja mwa munthu wina. Iye sanathe kunena kuti lero ndipumula, kapena mawa ndipita kukaona mlongo wanga wodwala, kapena ici sindicita cifukwa n'coipa. Mfulu anali munthu wokhoza kukana. Tsono amene afuna kuyesa ufulu wa munthu asayambe ndi kuyang'ana nsapato zace kapena malata a nyumba yace. Ayambe wafunsa kuti, kodi munthuyu angathe kukana? Ndipo akakana, cimgwera n'ciani?

Usanafike msonkho, moyo wa m'midzi ya Acewa, Ansenga ndi Angoni sunali wa mtendere wokhawokha, ndipo wonena kuti kale kunalibe mabvuto ndi wabodza. Kunali njala, kunali nthomba, kunali nkhondo, kunalinso ogula anthu oyenda ndi magoli. Koma nchito ya masiku amenewo inali ndi ciyambi ndi mathero ace. Munthu anali kusosa, kubzala, kupalira ndi kukolola, ndipo dzinthu zikalowa m'nkhokwe nchito yaikuru ya caka inatha. Miyezi ya malimwe inali ya mwini wace. Wina anapita kukasaka, wina anasula makasu, wina anaumba mbiya, wina analuka mphasa, wina anayenda ulendo kukaona abale. Pa bwalo akuru anaweruza milandu, anamwali analangizidwa, ndipo usiku ng'oma inalira. Munthu anatopa ndithu, koma anadziwa cimene anatopera, ndipo anaciona ndi maso ace m'nkhokwe. Panalibe wogula masiku a mnzace mowerenga, monga awerengera mazira pa msika.

Zinthu zinatembenuka m'zaka zowerengeka. M'caka ca 1898 asilikali otsogozedwa ndi Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni. Mwana wace Nsingo anaphedwa, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. Pofika caka ca 1901 kampani ya British South Africa, imene inali kulamulira dziko masiku amenewo, inayamba kukhometsa msonkho wa nyumba, masheleni 3 pa caka. Masheleni 3 aoneka ngati kanthu kocepa, koma ululu wa msonkhowo unali pa mtundu wace. Unali msonkho wa ndarama, ndipo ndarama sizimera m'munda. Munthu wa nkhokwe zodzala, amene dzulo anali wolemera, anadzuka m'mawa ali wamangawa. Kwa ambiri njira ya kupeza sheleni inali imodzi yokha, ndiyo kupita kwa mwini sheleni ndi kumgulitsa miyezi ya moyo wao. Olamulira anafuna manja a kugwira m'mafamu ndi m'migodi, ndipo anaona kuti munthu wokhuta pa mudzi pace sacoka popanda comkankha. Msonkho ndiwo unali comkankhaco.

Pamwamba pa msonkho panabwera kusowa kwa minda. Dziko lalikuru lozungulira Fort Jameson, mzinda umene lero ndi Chipata, linali m'manja mwa kampani ya North Charterland, ndipo m'caka ca 1928 lamulo linadulira eni dziko malo ocepa, m'mene anapanikizana kufikira nthaka inaguga. Motero njira zinadzala ndi amuna onyamula mphasa ndi kathumba ka ufa, oyenda pansi masabata ambiri, kuoloka Zambezi kunka ku mafamu a ku Southern Rhodesia, ku malasha a ku Wankie, ena mpaka ku Johannesburg. Ndipo itatseguka migodi ya mkuwa ya ku Luanshya, Nkana, Mufulira ndi Nchanga, enanso analunjika kumeneko. Ku maiko a eni munthu anaphunzira zinthu zitatu zimene agogo ace sanazidziwe. Anaphunzira citupa, pepala lonena kuti iye ndani ndi kumene aloledwa kukhala. Anaphunzira tikiti, imene kapitao anali kulembapo tsiku ndi tsiku kufikira masiku 30 a nchito atakwana, ndipo pamenepo ndi pomwe malipiro anaturuka. Anaphunziranso belu, limene linamuuza nthawi ya kudzuka, ya kudya ndi ya kuweruka, popanda kufunsa ngati thupi lalola. Ambiri sanabwererenso kwao; ndiwo machona. Ku mudzi kunatsala akazi, ana ndi nkhalamba, ndi madenga osafolera.

Anthu awa ananenedwa kuti ndi anchito aufulu, popeza panalibe wowamanga goli m'khosi. Koma ufulu wao unayesedwa tsiku limene anakana. M'mwezi wa May 1935, boma litakweza msonkho wa anthu a ku migodi, anchito a ku Mufulira, Nkana ndi Luanshya anaika zida pansi; ku Luanshya mfuti zinalira, ndipo anthu 6 anafa. M'caka ca 1940 Azungu a m'migodi ananyanyala nchito nalandira zimene anapempha. Aafirika atacita cimodzimodzi, ku Nkana kunafa anthu 17. Mwazi umenewo ndiwo unayankha funso lija, lakuti munthu akakana cimgwera n'ciani.

Sukulu inafika nyengo yomweyo. Amishoni a Dutch Reformed anamanga ku Magwero m'caka ca 1899 ndi ku Madzimoyo m'caka ca 1903, ndipo a mipingo yina anatsata. Mphatso ya kuwerenga ndi kulemba imene anabwera nayo palibe angaipeputse. Ndi mphatso imeneyo mchona analembera kalata mkazi wace. Koma dziko lomangidwa pa msonkho ndi tikiti linafuna kwa sukulu zinthu zace: akalaliki owerengeka olemba maina a okhoma msonkho, omasulira mau pa boma, akapitao odziwa kuwerenga matikiti, ndi aphunzitsi ophunzitsa ena otere. Kupitirira apo makwerero sanafike. Boma silinatsegule sukulu ya sekondale ya Aafirika kufikira caka ca 1939, pamene inayamba Munali ku Lusaka. Ndipo pofika ufulu wa dziko m'caka ca 1964, Aafirika otsiriza maphunziro a ku yunivesite anali ngati 100 okha m'dziko lonse. Nchito yaikuru ya sukulu yotere inali kupeta, monga mai apeta mphale m'licero. Kusiyana kwace n'kwakuti pano cotsala m'licero ndico cocepa, ndipo couluka ngati gaga ndiwo ana a anthu.

Masukulu acuruka tsopano, koma licero lija likali m'manja mwa mayeso. Ndipo pali maphunziro ena amene salembedwa pa bolodi, amene mwana amawagwira msanga koposa masamu. Kwa zaka zambiri cilango ca mwana wocedwa kapena wopulupudza cakhala khasu: akakumbe dzenje, akalambule udzu. Nanga mwana amene anapatsidwa khasu ngati cilango zaka zonse za ubwana wace adzaliona bwanji khasu la atate wace? M'masukulu ambiri wolankhula cinenero ca mai wace pa bwalo analangidwa. Nanga adzazimva bwanji nzeru za agogo ace? Belu la sukulu limzoloweza kukhala pansi pamene auzidwa, kuima pamene auzidwa, ndi kupempha cilolezo ngakhale ca kupita kuthengo, kotero kuti akafika pa nchito apeza kuti belu la kumeneko alidziwa kale. Potsiriza afika mayeso a masiku owerengeka, ndipo pepala linena kuti uyu wakhoza, uyu walephera. Mnyamata wodziwa kuweta ng'ombe, kukonza njinga ndi kuyala njerwa molunjika, ndi mtsikana wa liu lokoma ndi manja aluso, asenza dzina la wolephera moyo wao wonse cifukwa ca mitsinje ya ku maiko akutali imene anaiwala maina ace. Mlandu waukuru wa sukulu yotere ndi wakuti imacotsa mwana pa njira ya makolo ace isanatsimikize kuti njira yina iripo.

Nanga wopambana uja, amene wakhoza mayeso onse nalowa m'ofesi, ali bwanji? Anthu a ku mudzi akamuona pa Khirisimasi ndi tayi ndi nsapato zowala amati mwana wafika. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Maola abwino a tsiku, pamene thupi liri ndi mphamvu ndi mutu uli wopepuka, wagulitsa onse. Mkazi ndi ana alandira makombo a madzulo, munthu wotopa wosafuna phokoso. Sabata ndi sabata, caka ndi caka, kufikira imvi, acita cimene wina analingalira, ndipo kawirikawiri saona mathero a nchito ya manja ace. Mapepala alowa, mapepala aturuka. Kalata imodzi imsamutsa kucoka ku Katete kunka ku Mongu, ndipo mango amene anabzala adyedwa ndi wina. Amalume ace akamwalira ayamba walemba kalata yopempha cilolezo ca kukalira, ndipo munthu wosamdziwa malemuyo ndiye awerenga masiku amene cisoni cace ciyenera kutha. Akaona cosalungama pa nchito atseka pakamwa, pokumbukira kuti nyumba, sukulu ya ana ndi penshoni zonse zilenjekeka pa ulusi umodzi. Amene anali ndi luso la kuimba, kapena la kusema, kapena la kulemba nthano, amati ndidzacita ndikapuma nchito. Koma pofika tsikulo maso acita mdima ndi zala zauma. Mbuzi yomangidwa pa msipu wobiriwira imanenepa ndithu, koma malire a dziko lace ndiwo utali wa cingwe.

Anthu amati zonsezi zilipidwa ndi ndarama za pa kutha kwa mwezi. Koma ndarama ya malipiro iri ndi khalidwe lace: imabwera pamodzi ndi njala yace. Wolandira zocepa alakalaka njinga. Akakwezedwa alakalaka galimoto. Akagula galimoto apeza kuti walandira m'banja mlendo wakudya koposa ana onse. Mnansi wagula mipando, mkazi wa mnansi wabvala citenje catsopano, ana a mnansi apita ku sukulu yodula. Ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada. Abale a ku mudzi, amene anagulitsa mbuzi ndi mtedza kuti iye aphunzire, ali nao mangawa ao oyenera, ndipo sangawakane. Lendi, malasha, ufa, ndiwo ndi ndarama ya basi siziyembekeza. Pofika pakati pa mwezi thumba lauma, ndipo apa ndi pamene alowa wa kaloba, wokongoza ndarama zobala ana mwezi ndi mwezi, pamodzi ndi makampani okongoza amene amadula gawo lao pa malipiro mwini wace asanawaone. Ngongole ndiko kugulitsa masiku amene sanafike. Kapolo wakale anagulitsidwa kamodzi, ndipo anagulitsidwa ndi ena. Wangongole adzigulitsa yekha, nalemba dzina lace pansi pa pepala ndi zilembo zokongola zimene anaphunzira ku sukulu. Munthu wotere sangasiye nchito ngakhale imdwalitse, sangatsutse bwana ngakhale amnyoze pamaso pa anthu. Mau akuti iai acoka pakamwa pace.

Ambiri anayembekeza kuti mbendera yatsopano idzadula cingwe cimeneci. Zoona, nkhondo ya ufulu inacotsa zonyansa zambiri: citupa, kugulira pa zenera la sitolo, ndi nchito zosungidwira anthu a khungu limodzi. Masukulu anamangidwa m'maboma onse, ndipo Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa m'caka ca 1966. Koma ciphunzitso cija sicinasinthe, ndipo dziko lonse linatsamira mtengo umodzi, ndiwo mtengo wa mkuwa, umene uikidwa pa msika wa ku London ndi anthu osadziwa kumene kuli Chingola. Mtengowo utagwa m'caka ca 1975, malipiro anayamba kufooka caka ndi caka. M'zaka za m'ma 1990 makampani a boma anagulitsidwa kapena kutsekedwa; Zambia Airways inatsekedwa m'caka ca 1994, ndipo migodi ya ZCCM inatha kugulitsidwa m'caka ca 2000. Anthu zikwi zambiri, amene anapereka unyamata wao wonse pansi pa nthaka kapena pa tebulo la ofesi, analandira kalata ya mizere yocepa yonena kuti safunikanso. Amene anasunga munda ndi ubale ku mudzi anapeza pofikira; amene anadula mizu yao podalira malipiro anatsala m'makomboni, ogulitsa tomato ndi makala m'mbali mwa mseu. Ndipo m'caka ca 2020 boma lomwe linalephera kulipira ngongole zace za kunja pa nthawi yace, cotero dziko lathunthu linalawa cimene kalaliki wa kaloba adziwa, kuti wamangawa salankhula mokweza.

M'caka ca 2022 boma linacotsa malipiro a sukulu kufikira Giredi 12, ndipo ici n'coyamika, pakuti mwana wamasiye sayenera kubwezedwa pa khomo cifukwa ca kusowa ndarama. Koma caka comweco cinaonetsa mbali yina ya nkhani. Boma litalengeza malo a aphunzitsi 30,000, opempha anaposa 100,000, onse ophunzira, onse a masatifiketi. Otsalawo anapita kuti? Pali ukapolo wowawa koposa wa wogwira nchito, ndiwo wa woyembekeza nchito. Mnyamata wotere ayenda ndi envulopu m'khwapa kucoka pa ofesi iyi kunka pa ofesi iyo, nsapato zikutha. Sabzala, cifukwa kapena mawa adzaitanidwa. Sakwatira, cifukwa alibe malipiro. Saphunzira umisiri, cifukwa anthu adzati nanga sukulu yonse ija inali ya ciani. Adya kwa mlamu wace ndi manyazi, nagona pa mpando wa pa balaza. Zaka za mphamvu, zimene sizibwera kawiri, zithera pa cipata. Iye wamangidwa ndi nchito imene alibe.

Wina adzati, kodi mau onsewa afuna kuti ana asiye sukulu nabwerere ku umbuli? Iai ndithu. Wosadziwa kuwerenga anyengedwa pa sikelo ya fodya ndi thonje, adinda ndi cala cimene sacidziwa, ndipo cingwe cace n'cacifupi koposa ca kalaliki. Ndiponso mbiri ya dziko lino ionetsa kuti maphunziro angathe kudula cingwe. Aphunzitsi ndi akalaliki ndiwo anayambitsa mabungwe oyamba a Aafirika, kuyambira la ku Mwenzo m'caka ca 1912. Harry Nkumbula, amene anatsogolera Congress kuyambira caka ca 1951, anali mphunzitsi. Kenneth Kaunda anaphunzira ku Munali nakhala mphunzitsi. Lawrence Katilungu, mtsogoleri woyamba wa bungwe la anchito a m'migodi la 1949, nayenso anayamba ndi kuphunzitsa. Koma wofunsayo ayang'anitsitse. Anthu awa sakumbukiridwa cifukwa ca kukhoza mayeso kapena kusunga nchito kufikira penshoni. Akumbukiridwa cifukwa anatenga cimene sukulu inawapatsa nacita naco cimene olamulira sanacifune. Anasiya malipiro otsimikizika, ndipo Nkumbula ndi Kaunda analowa m'ndende m'caka ca 1955. Maphunziro anawamasula tsiku limene analeka kuwayesa tikiti ya cakudya.

Winanso adzati, mau a ufulu ngokoma kwa wokhuta, wanjala afuna nsima. Izinso n'zoona, ndipo palibe cinyengo coipa ngati ca wolemera wolalikira osauka kuti ndarama n'zacabe. Mankhwala, feteleza, malata ndi mabuku zonse zifuna ndarama. Nchito payokha si temberero, pakuti munthu wopanda cocita amaola ali moyo. Ndarama iri ngati moto: pa mafuwa uphika nsima, pa denga utentha mudzi. Cimene citsutsidwa pano ndi makonzedwe amene apatsa munthu zongokwanira kuti abwerenso mawa, ndi mtima umene uyesa munthu ndi pepala la malipiro ace. Ndipo zimene zinakonzedwa ndi anthu zikhoza kusinthidwa ndi anthu. Anchito a m'migodi, amene anaomberedwa m'zaka za 1935 ndi 1940 pamene analibe bungwe, m'caka ca 1952 ananyanyala masabata 3 mogwirizana, ndipo malipiro ao anakwera. Mutu umodzi susenza denga. Munthu mmodzi akakana acotsedwa. Zikwi zikakana pamodzi, eni nchito akhala pansi namva.

Mlandu uwu uli ndi eni ace, ndipo sayenera kubisidwa. Uli pa makolo amene, mnyamata akabwera kudzafunsira mbeta, funso lao loyamba ndi lakuti agwira kuti, asanafunse za khalidwe lace. Amene anyadira mwana wa m'ofesi wosatha kudzidyetsa, nacita manyazi ndi mwana wa dimba amene adyetsa banja lonse. Uli pa aphunzitsi amene aopseza ana kuti wosalimbikira adzakhala mlimi, ngati kuti nsima imene iwo adya masana igwa kumwamba. Uli pa olemba nchito amene, podziwa kuti pa cipata pali khamu la anthu, asunga munthu zaka zambiri ngati waganyu, wopanda masiku a kupuma ngakhale penshoni. Uli pa atsogoleri amene alonjeza nchito pa nyengo ya masankho, koma osasamala kuti mlimi wa cimanga ndi mtedza alandire mtengo woyenera pa nthawi yace, ndi kuti mseu ufike ku munda wace. Mnyamata sathawa mudzi cifukwa ca kudana nao; athawa cifukwa aona atate wace akalamba ndi khasu popanda coonetsa.

Sukulu yoyenera anthu aufulu ikadayesa mwana ndi zimene angathe kucita, pamodzi ndi zimene angathe kukumbukira. Ikadaimika mmisiri wa matabwa, mlimi wodziwa nthaka ndi mai wodziwa kusunga mbeu patsogolo pa kalasi, ndi ulemu womwewo umene ipatsa mphunzitsi wa Cingerezi. Ikadaphunzitsa mwana kuwerenga pangano la ngongole ndi kuona pamene pabisala msampha, kudziwa malamulo oteteza wanchito, ndi kufunsa cifukwa cace ca zinthu popanda mantha. Mwana woturuka m'sukulu yotere akadakhala ndi njira zingapo za kudyera, ndipo wa njira zingapo ndiye wokhoza kukana.

Koma wocoka pa sukulu caka cino sangayembekeze kufikira zonsezi zitakonzeka, ndipo pali zimene ziri m'manja mwace lero. Asatseke buku pa tsiku lotsiriza mayeso, pakuti kuwerenga kumene kulibe wogawa malikisi ndiko ciyambi ca maphunziro eni eni. Aphunzire luso limodzi la manja, ngakhale satifiketi yace ikhale yokongola cotani, cifukwa luso palibe angamcotsere ndi kalata. Asataye munda wa kwao kapena kudula ubale ndi mudzi, popeza akuru anati fodya wako ndi uyo ali pa mphuno, wa pa cala ngwa mphepo. Aope ngongole ya zinthu zodzionetsera monga aopa njoka ya m'nyumba. Akapeza nchito aigwire mokhulupirika, alowe m'bungwe la anzace, ndipo adziikire yekha malire a zokwanira, asanamuikire eni masitolo. Akasowa nchito asakhale pa cipata kuwerenga zaka. Ganyu, dimba ndi msika sizicotsa nzeru m'mutu wa munthu. Ndipo pa nchito iri yonse, pamene afunsa kuti idzandipatsa zingati, afunsenso kuti idzanditengera ciani.

Masiku a munthu ngowerengeka, ndipo palibe sitolo yogulitsa tsiku limene lapita. Amuna aja anayenda pansi kunka ku Wankie anali ndi mesenjala wa msonkho kumbuyo kwao, ndipo palibe angawadzudzule. Mdzukulu wao alibe mesenjala womthamangitsa. Akalowa yekha m'goli, nalikonda cifukwa lapakidwa utoto, sadzapeza womlozera cala. Wophunzira akhoza kukhala mfulu, ndipo ayenera kukhala mfulu koposa ena, popeza maso ace atseguka. Koma satifiketi siidzamcitira umboni pa mlandu uwu, ngakhale pepala la malipiro. Funso limene makolo anayesera nalo mfulu likali comweco kufikira lero: kodi mawa lace liri m'manja mwa yani?